Kukhala m'galimoto ya RV

Kukhala m'galimoto ya RV ndi moyo umene anthu ena a ku United States ndi ku Canada amasankha, wosiya nyumba yomangidwa n'kumakhala chaka chonse m'galimoto kapena m'ngolo imene ili ndi bedi, khitchini, chimbudzi ndi bafa. Zilembo za RV zimachokera ku mawu a Chingerezi akuti recreational vehicle, omwe amatanthauza galimoto yopitira kokasangalala. Ku Britain, ku Australia ndi ku South Africa, ngolo zamtunduwu zimadziwika ndi dzina loti kalavani. Ena mwa anthu okhala moyo umenewu ndi opuma pantchito amene anagulitsa nyumba kuti aone dziko. Ena ndi achinyamata ogwira ntchito pa intaneti, pamene ena anathawira m'galimoto lendi itawakanika.

Dzina la magalimotowa lili ndi chenjezo kwa munthu amene akungoyamba. RV imapangidwira ulendo wa patchuthi, wa masabata ochepa pachaka. Mu 2018, unduna wa boma la America woona za nyumba, wotchedwa HUD, unatsimikizira m'malamulo ake kuti RV sipangidwa kuti ikhale nyumba yokhalamo nthawi zonse, choncho simangidwa motsatira malamulo a nyumba. Wosamukira mu RV amatenga chinthu cha patchuthi n'kumachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Komanso ntchito zimene m'tauni zimagwiridwa ndi bungwe la madzi, la magetsi, la zinyalala ndi la makalata, zonse zimagwera iyeyo.

Mbiri mwachidule

Anthu a ku America anayamba kugona paulendo m'magalimoto awo magalimotowo atangofala. Mu 1919, ku Tampa m'chigawo cha Florida, kunakhazikitsidwa gulu la Tin Can Tourists, la anthu amene ankathawira kumwera m'nyengo yozizira n'kumagona m'misasa. M'ma 1930 Wally Byam anayamba kupanga ngolo za Airstream, zodziwika ndi thupi lonyezimira la aluminiyamu, ndipo mu 1966 kampani ya Winnebago ya ku Forest City, m'chigawo cha Iowa, inayamba kugulitsa magalimoto okhalamo pamtengo umene mabanja wamba akanakwanitsa. Masiku ano ma RV ambiri a ku America amapangidwa mumzinda wa Elkhart ndi m'madera ozungulira, m'chigawo cha Indiana, kumene kuli makampani a Thor Industries ndi Forest River. Mu 2021, mliri wa COVID-19 uli mkati, mafakitale anatumiza kwa ogulitsa ma RV opitirira 600,000, chiwerengero chimene chinali chisanafikidwepo.

Mitundu yake ndi nkhani ya kulemera

Ma RV ali m'magulu awiri: okhala ndi injini ndi okokedwa. Mwa okhala ndi injini, Class A ndi yaikulu ngati basi ndipo imatha kutalika mpaka mamita 13 ndi theka. Class B ndi yaing'ono ngati minibasi, yokonzedwa kuchokera ku magalimoto monga Mercedes-Benz Sprinter kapena Ford Transit. Class C ili pakati, ndipo imadziwika ndi bedi limene limakhala pamwamba pa mpando wa dalaivala. Mwa zokokedwa muli ngolo wamba imene imakoledwa kumbuyo kwa galimoto, ndi ina yotchedwa fifth wheel, imene khosi lake limakhala pa chitsulo chomangidwa m'bodi ya pikapu. Mabanja ambiri amakonda fifth wheel chifukwa m'kati mwake ndi motakasuka, ndipo akafika pamalo amaisiya n'kupita kumsika ndi pikapu yokha.

Chimene chimadzidzimutsa ambiri asananyamuke n'komwe ndi kulemera. RV iliyonse ili ndi kachikwangwani kosonyeza kulemera kumene siyenera kupitirira, ndipo mpata wotsalira katundu umakhala wochepa kuposa mmene makabati ake amaonekera. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuti thanki ya malita 300 ikadzadza imadya makilogalamu 300 munthu asanaikemo poto kapena buku. Galimoto yolemedwa imaphulitsa matayala ndipo mabuleki ake amachedwa kugwira. N'chifukwa chake odziwa amapita kukaiyeza pa masikelo a malole, amene amapezeka pamalo omwetsera mafuta a magalimoto akuluakulu.

Katundu wa m'nyumba amayenera kugulitsidwa kapena kugawidwa. Amene zimawavuta kusiyana naye amachita lendi chipinda chosungiramo zinthu, ndipo pakatha zaka zingapo ambiri amaona kuti ndalama zimene alipira zaposa mtengo wa mipando imene ankasungayo.

M'zigawo zambiri laisensi wamba imakwana, koma ku Texas ndi kwina, galimoto yoposa mapaundi 26,000, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 11,800, imafuna laisensi ina. Dalaivala amayeneranso kudziwa pamtima kutalika kwa galimoto yake kuchokera pansi. Zina zimafika mamita 4.1, ndipo pali milatho yakale imene sizingadutse kunsi kwake.

Madzi ndi chimbudzi

Apa ndi pamene moyo wa mu RV umasiyana kwambiri ndi wa m'nyumba. Pansi pa galimoto pamakhala mathanki atatu. Yoyamba ndi ya madzi abwino. Yachiwiri imalandira madzi a kubafa ndi otsukira mbale, ndipo imatchedwa thanki yotuwa. Yachitatu imalandira za m'chimbudzi, ndipo imatchedwa thanki yakuda. M'galimoto yaing'ono thanki ya madzi abwino imasunga malita pafupifupi 100, ndipo m'zikuluzikulu imafika 300 kapena kuposa. Koma munthu wamba wa ku America amagwiritsa ntchito malita pafupifupi 300 patsiku akakhala kunyumba. Banja limene silinasinthe chizolowezi limamaliza thanki yonse dzuwa lisanalowe. Choncho oyamba amaphunzira kusamba kwa asilikali a pamadzi: kudzinyowetsa, kutseka mpope, kupaka sopo, kenako kutsegulanso pang'ono pochotsa thovu.

Mathanki awiri a madzi oipa amakhuthulidwa pamalo okonzedwera zimenezo, kudzera m'paipi yaikulu yopindika. Ntchitoyi ili ndi dongosolo lake. Munthu amavala magulovu, amayamba kutsegula thanki yakuda, kenako yotuwa, kuti madzi a sopo atsuke paipiyo. Cholakwa chimene oyamba ambiri amachita ndi kusiya thanki yakuda yotsegula akaima pamalo olumikizidwa ku suweji, poganiza kuti zizingopita zokha ngati kunyumba. Zimene zimachitika n'zakuti madzi amapita, zolimba n'kutsalira, ndipo zimaunjikana n'kuuma mpaka kutseka thanki. Njira yake ndi kuitseka mpaka itatsala pang'ono kudzadza, kuti mphamvu ya madzi ikokolole zonse nthawi imodzi. Timagetsi tosonyeza kudzadza kwa thanki yakuda timanama kawirikawiri chifukwa mapepala amakanirira pa tizitsulo toyezera, moti anthu okhalitsa amangomvetsera kulira kwa chimbudzi akamagujumula.

Magetsi ndi gasi

Mu RV muli magetsi a mitundu iwiri. A mabatire, a mavoti 12, amayatsa mababu, pampu ya madzi ndi timafani. A mavoti 120 amachokera pa soketi ya pamalo oimikapo, ku jenereta, kapena ku mabatire kudzera mu inveta. Malo oimikapo amapereka maampu 30 kapena 50. Maampu 30 amapereka mawati 3,600 okha, pamene 50 amafika mawati 12,000 chifukwa amabwera ndi mawaya awiri a moto. Amene ali ndi maampu 30 amazindikira msanga kuti makina oziziritsa mpweya, maikulowevu ndi giza sizingayake zonse nthawi imodzi magetsi osathima. Sola imathandiza amene amakhala kutchire, koma kuyendetsa makina oziziritsa mpweya ndi sola kumafuna mapanelo ndi mabatire a lithiyamu a ndalama zambiri.

Kuphika, kutenthetsa madzi ndi kufunditsa m'kati kumadalira gasi wa propane. Mafiriji ambiri akale a mu RV amayenderanso gasi, ndipo amafuna kuti galimoto iime mowongoka, chifukwa ikapendekeka kwa nthawi yaitali mankhwala oziziritsa sayenda bwino m'mapaipi ndipo firiji imawonongeka. Pachifukwa ichi, ntchito yoyamba munthu akafika ndi kuika matabwa kapena majeki kunsi mpaka galimoto italingana. Makina ochenjeza za utsi, za gasi wotuluka ndi za mpweya wakupha wa carbon monoxide ndi ofunika kwambiri, popeza m'kachipinda kakang'ono kotseka mpweya woipa sumachedwa kudzadza.

Kogona

Anthu ambiri amaganiza kuti wokhala mu RV amaima paliponse pamene pamusangalatsa. Zoona zake n'zakuti usiku uliwonse umafuna malo ololedwa, ndipo kufunafuna malowo ndi ntchito yosatha. Mizinda yambiri imaletsa kugona m'galimoto mumsewu. Masitolo ena a Walmart amalola kugona usiku umodzi pamalo oimika magalimoto, koma zimadalira manijala wa sitoloyo ndi malamulo a mzindawo.

Malo olipira alipo ambiri. Ena ndi a makampani monga KOA, imene inayamba mu 1962 ku Billings, m'chigawo cha Montana, ndipo amakhala ndi madzi, magetsi ndi suweji pamalo alionse oimikapo. Kulipira pamwezi kumatchipa kwambiri poyerekeza ndi kulipira usiku uliwonse, ngakhale kuti magetsi amawerengedwa padera pa mita. Malo ena amakana RV yoposa zaka 10, kapena amayamba apempha chithunzi chake. M'malo osungira zachilengedwe otchuka, monga Yosemite ndi Yellowstone, malo ogona amasungitsidwa kudakali miyezi ingapo ndipo amatha mwamsanga. Ambiri mwa malo amenewa anakonzedwa kalekale magalimoto akadali aang'ono, moti RV yaitali sikwanamo.

Njira yaulere ndi kukhala kutchire popanda kulumikiza chilichonse, kumene amakutcha boondocking. Bungwe la boma la Bureau of Land Management limayang'anira malo okwana maekala pafupifupi 245 miliyoni, makamaka kumadzulo kwa dzikolo, omwe ndi aakulu pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa dziko la Malawi. M'malo ambiri a bungweli munthu akhoza kukhala masiku 14 pa masiku 28 alionse osalipira, kenako amayenera kusamukira kutali. Kumeneko kulibe mpope, chimbudzi kapena nkhuti, ndipo zinyalala zonse munthu amabwerera nazo. Masiku amene angakhaleko amalamulidwa ndi thanki imene iyambe kutha kapena kudzadza.

Tauni ya Quartzsite, m'chipululu cha Arizona, ndi likulu la moyo umenewu m'nyengo yozizira. Ili ndi anthu okhazikika pafupifupi 2,400, koma mu Januwale chipululu chozungulira chimadzadza ndi ma RV zikwi zambirimbiri. Pafupi ndi tauniyo pali malo a La Posa, kumene munthu amagula chilolezo chokhala nyengo yonse, kuyambira pa 15 Seputembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo pali mipope ndi malo okhuthulira mathanki.

Oyamba ambiri amathamanga kwambiri miyezi yoyambirira, ngati ali patchuthi cha masabata awiri, ndipo amatopa ndalama zitathera mafuta. Okhalitsa ali ndi lamulo lawo losalembedwa la 3-3-3: osapitirira mamailosi 300 patsiku, omwe ndi makilomita 480, kufika isanakwane 3 koloko masana, ndi kukhala pamalo masiku osachepera atatu. Kufika kukuwala kumathandiza poimika ngolo chobwerera m'mbuyo, ntchito imene yakanganitsa mabanja ambiri anthu a pamsasa akuonerera.

Adiresi, msonkho ndi chipatala

Ku America munthu sangakhale wopanda chigawo. Laisensi, kalembera wa galimoto, inshuwalansi, msonkho ndi kuvota, zonse zimamangika pa chigawo chimene lamulo limachitenga kukhala kwawo kwa munthuyo. Okhala mu RV ambiri amasankha Texas, Florida kapena South Dakota, chifukwa zigawo zitatuzi sizidula msonkho pa malipiro ndipo zimavomera adiresi ya kampani yolandirira makalata. Ku South Dakota, lisiti losonyeza kuti munthu wagona usiku umodzi m'chigawocho ndi limodzi mwa mapepala amene amakwanira potenga laisensi. Gulu la Escapees, limene Joe ndi Kay Peterson anayambitsa mu 1978, lili ndi ofesi ya makalata ku Livingston, m'chigawo cha Texas. Ofesiyo imalandira makalata a mamembala, n'kuwajambula kapena kuwatumiza kumene mwiniwake wafika. Mabanki ena amakana adiresi yoteroyo ndipo amafuna ya nyumba yeniyeni, choncho ambiri amapereka ya m'bale wawo.

Inshuwalansi wamba ya RV imaganizira munthu wopita kutchuthi. Wokhalamo nthawi zonse amafunika ina imene imatetezanso katundu wake ndi mlendo amene angavulale pakhomo pake, ndipo wobisa kuti amakhalamo akhoza kukanidwa chipukuta misozi ngozi ikachitika. Nkhani ya chipatala ndi yovuta koposa. Amene afika zaka 65 ali ndi Medicare ya boma, imene mtundu wake woyambirira umagwira ntchito m'dziko lonse. Koma ocheperapo amagula inshuwalansi imene kawirikawiri imalipira madokotala a m'chigawo chimodzi chokha, kupatula pa matenda adzidzidzi. Munthu wolembetsa ku Texas amene wadwalira ku Oregon angafunike kuyenda ulendo wa masiku angapo kuti akaonane ndi dokotala amene inshuwalansi yake imamudziwa.

Ndalama ndi zowonongeka

Kukhala mu RV kukhoza kutchipa kuposa lendi, koma sikutchipa pakokha. Class A ya petulo imayenda makilomita atatu kapena anayi okha pa lita imodzi. Ngongole zogulira RV zimafika zaka 15 kapena 20, pamene mtengo wa galimotoyo umatsika chaka ndi chaka. Nyumba yomangidwa nthawi zambiri imakwera mtengo, koma RV imatsika ngati galimoto ina iliyonse, ndipo wogula yatsopano pangongole angakhale zaka zambiri ali ndi ngongole yoposa mtengo umene angaigulitsire.

Kuwonongeka kwa zinthu n'kosapeweka. Nyumba yamatabwa opepuka imene ikugwedezeka mumsewu kwa maola ambiri imamasula zomangira, mapaipi ndi zitseko za makabati, ndipo ngakhale RV yatsopano imatuluka kufakitale ili ndi zofunika kukonza. Mdani wamkulu ndi madzi a mvula. Phula lomatira m'mphepete mwa denga, mwa mawindo ndi mwa timafani limang'aluka ndi dzuwa, madzi n'kumalowa mwakachetechete mpaka khoma litafufuma ndi kuwola. Kukwera padenga kukayang'ana phulalo kangapo pachaka ndi ntchito yotchipa imene imapulumutsa ndalama zambiri. Matayala a RV amakalamba asanathe mano, choncho amasinthidwa pakatha zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri ngakhale akuoneka atsopano. Manambala anayi omaliza a chizindikiro cha DOT pa tayala amasonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019.

Vuto la wokhalamo nthawi zonse n'lakuti galimoto ikalowa m'galaja, nyumba yalowanso m'galaja. Magalaja a ogulitsa ma RV amatha kusunga galimoto masabata ambiri podikira zipangizo, mwiniwake akulipira hotela. N'chifukwa chake ambiri amaphunzira kukonza zing'onozing'ono okha, amaitana amakanika oyendayenda amene amabwera pamsasa, ndipo amasunga ndalama yapadera ya tsiku loipa. Amene alibe ndalama imeneyi ndi amene moyowu umawathera injini ikangofa.

Nyengo

Makoma a RV ndi opyapyala. M'chilimwe cha ku Arizona, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, m'kati mumakhala ngati mu uvuni, ndipo kumpoto m'nyengo yozizira madzi amaundana m'mapaipi mpaka kuwaphulitsa. Anthu ambiri amangotsatira nyengo: kumpoto kapena kumapiri m'chilimwe, kumwera kukazizira. Kukazizira, nthunzi ya kuphika ndi ya mpweya wa anthu imachita mame m'mawindo ndi m'makoma, ndipo chuku chimamera kunsi kwa matiresi ngati mpweya sukuyenda. M'zigwa za pakati pa dzikolo, kumene kumachitika akamvulumvulu oopsa otchedwa tornado, RV si malo obisalamo, ndipo munthu akafika pamsasa amayenera kufunsa kumene kuli nyumba yolimba yothawirako.

Ntchito ndi anthu

Ogwira ntchito pa kompyuta amadalira netiweki ya mafoni, imene imasowa m'malo ambiri okongola. Kuyambira mu 2022, kampani ya SpaceX inayamba kugulitsa intaneti ya Starlink yoyenda nayo, ndipo izi zinatsegula malo ambiri akutchire, ngakhale kuti mbale yake imafuna kuona kumwamba popanda mitengo ndipo imadya mabatire. Ena amagwira ntchito yoyang'anira misasa, kulandira alendo ndi kutsuka zimbudzi, n'kupatsidwa malo oimikapo aulere. Mu Okutobala ambiri amapita kuchigwa cha Red River, m'malire a North Dakota ndi Minnesota, kukagwira ganyu ya maola 12 patsiku pa nthawi yokolola mbewu ya beet yopangira shuga. Kuyambira mu 2008, kampani ya Amazon inkalemba anthu a m'ma RV kuti azigwira ntchito m'nyumba zake zosungira katundu nyengo ya Khirisimasi ikayandikira, pa dongosolo lotchedwa CamperForce.

Moyo wa antchito amenewa, ambiri a iwo achikulire amene chuma chawo chinagwa mu 2008, unalembedwa ndi mtolankhani Jessica Bruder m'buku la Nomadland la mu 2017. Filimu ya dzina lomweli, imene anatsogolera ndi Chloé Zhao ndipo munasewera Frances McDormand, inalandira mphoto ya Oscar ya filimu yopambana mu 2021. Bob Wells, amene anayambitsa msonkhano wa pachaka wa Rubber Tramp Rendezvous wa anthu okhala m'magalimoto ku Quartzsite, anaoneka mufilimuyo ndi dzina lake lenileni. Bukuli limasonyeza mbali imene zithunzi zokongola za pa Instagram sizionetsa, yakuti kwa ena galimoto ndi pothawira pomaliza.

Anthu awiri okhala m'malo osaposa chipinda chimodzi amamva chilichonse cha mnzawo, ndipo wokwiya alibe chipinda china cholowamo. Woyenda yekha amakumana ndi vuto lina: anansi amasintha masiku angapo alionse, ndipo tchalitchi, dokotala ndi abwenzi akale amatsala kutali. Mabanja a ana amawaphunzitsa okha, motsatira malamulo a chigawo chimene analembetsa. Pachifukwa chimenechi ambiri amalangiza kuti munthu ayambe wabwereka RV kwa masabata angapo, makamaka m'nyengo yoipa, asanagulitse nyumba.

Ukalamba kapena matenda zimaimitsa ulendo tsiku lina, ndipo amene anagulitsa nyumba amapeza kuti mitengo ya nyumba inakwera iwo ali pamsewu. Ena amagula kapuloti m'msasa n'kuimika RV yawo mpaka kalekale. Ku Livingston, pafupi ndi ofesi ya makalata ija, gulu la Escapees linakhazikitsa malo otchedwa CARE, kumene mamembala amene sangathenso kuyendetsa amapitiriza kugona mu RV yawo, n'kumalandira chakudya, kuchapiridwa zovala ndi kuperekezedwa kuchipatala.